Maloboti Atatu Pakhomo Limodzi

Amene anamulakwira mayi wina wokolopa pa kampani ina ndi bambo wa makompyuta, wa tayi wofiira, ndipo bwana anathandizira. Mayiyo wakhala akukolopa holo ya kampaniyo zaka khumi ndi zinayi, chimwalirireni mwamuna wake. Tsiku lina bwana anagula maloboti atatu osesa, ooneka ngati mabeseni ovundikira. Wa tayi anajambula holoyo pa kompyuta n'kuigawa patatu, loboti lililonse chigawo chake, kuti lisabwereze pomwe linzake ladutsa. Wa tayiyo sanamufunse mayiyo ngakhale liwu limodzi.

Lolemba malobotiwo anayamba bwinobwino. Koma zigawo zitatuzo zinkakumana pakhomo lalikulu, pomwe nsapato zonse zimasiya matope. Atafika pamenepo, loyamba linaima kuti lachiwiri lidutse. Lachiwiri linaima kudikira lachitatu. Lachitatu linabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuimanso. Mpaka masana ali chiimire, akungolira pii pii, matope ali phee pakati pawo.

"Mayi, pakhomo pali uve," anatero bwana. "Likafika Lachisanu pali chonchi, ntchito yatha."

"Yatha ya ndani, bwana? Yanga kapena ya mabeseni anuwa?"

"Makina salakwa," wa tayi analowerera. "Masamu ake ndi olondola."

"Achimwene, munayamba mwagwirapo mopu inu? Munthu amayambira kukona yakutali, n'kumabwerera chafutambuyo, n'kumalizira pakhomo. Ndipo pakhomo amamaliza mmodzi, osati gulu ngati likuonerera ngozi."

Wa tayi anaseka, n'kupita kukamwa tiyi.

Lachisanu m'mawa mayi anadikirira malobotiwo pakhomo pomwepo, manja m'chiuno. Atangoyamba ulemu wawo wodikirana uja, mayi ananyamula awiri, lina kukhwapa uku, lina uku, mateyala akupalasa m'mwamba ngati nkhuku zopita kumsika. Lotsalalo litaona kuti palibenso linzake loti lilidikire, linasesa khomo lonse mpaka mbee.

Bwana atafika anayang'ana pansi, n'kumugwira chanza wa tayi. "Mwaona? Amangofunika kuzolowera."

Ntchito ya mayi sinathe, inde. Koma tsopano m'mawa uliwonse amaima pakhomo atakwapatira maloboti awiri, msana ukuwawa, wa tayi akudutsa osapereka ndi moni womwe.

Inu mukuwerenganu, musangoseka. Amene anakonza njira ya malobotiwo ndi ndani, wa tayi kapena wa mopu? Ndiyankheni, ndikudikira.