Popanda Simbi

Pagulu lathu la pa foni ankanditchula Simbi, chifukwa ntchito yanga ndi yosita zovala. Malo athu ndi chipinda chimodzi chachitali. Kutsogolo kuli kauntala, pakati makina awiri ochapira, kumbuyo tebulo langa lositirapo. Pamwamba pa shelefu ya sopo abwana anakhomapo TV yaing'ono kuti makasitomala asamatope podikira, koma makasitomalawo sankaiyang'ana n'komwe. Inali ngati yanga ndekha.

Tsiku lililonse wani koloko pankaonetsedwa sewero la banja lina lolemera lomwe linkalimbirana hotela. Anzangawo ndinawapeza pa tsamba la sewerolo pa intaneti, tsiku lomwe ndinalembapo kuti mkazi wamkulu wa mwini hotela ndi njoka yovala wigi. Amayi atatu anaseka, tinapatsana manambala, gulu n'kuyambika. Panali Nesi, yemwe ankagwira ntchito mu wodi ya ana. Panali Aphunzitsi, omwe ngakhale pa foni ankalemba ngati akulemba pa bolodi. Ndiye panali Batire, wogulitsa nsapato, yemwe nkhani ikafika pokoma ankangosowa, kenako n'kudzati foni inazima. Tinali tisanaonanepo maso ndi maso.

Wani koloko onsewo amakhala ali pakalapakala ku ntchito, wokhala ndi TV pamphuno ndinali ine ndekha. Ndiye ndinkawafotokozera sewerolo m'mavoisi, dzanja lina pa simbi, lina pa foni.

"Simbi, tiuze msanga, wavomera kusaina?"

"Wakana! Wamuthira madzi kumaso, wigi yapendekeka!"

Tsiku lina ndinaotcha kolala ya shati ya kasitomala chifukwa cha zomwezo. Abwana anandikalipira mpaka malovu, koma gulu linaseka sabata yathunthu, ine n'kumaseka nawo.

Chaka chachiwiri amuna anga anadwala sitiroko. Anagwa m'bafa m'mawa wina, mbali yakumanja yonse n'kufa, kulankhula n'kumavuta. Kuyambira pamenepo tsiku langa linkayamba ndi kuwasambitsa, kuwasintha, kuwadyetsa, kenako kuwasiya m'manja mwa alamu anga, mlongo wawo, ine n'kuthamangira basi. Abale anabwera mwezi woyamba, wachiwiri anayamba kuimba foni, wachitatu zii. Omwe anatsala ndi anthu atatu aja a mu foni.

Mavoisi anga anasintha. Ndinkayamba ndi za hotela, n'kuthera kunyumba kwanga. Nesi ndiye anandiphunzitsa kutembenuza wodwala maola awiri alionse kuti msana usachite zilonda, ndi mmene ndingawanyamulire osathyoka nawo chiuno. Tsiku lina ndinalira mu voisi. Ndinawauza chinthu chomwe sindinauzepo munthu: kuti ndikaweruka, nthawi zina ndimaima pa siteji n'kusiya mabasi awiri adutse dala, chifukwa miyendo imakana kupita kunyumba. Nesi anayankha kuti, "Asisi, si tchimo limenelo, ndinu munthu." Mawu amenewo ndinawasunga ngati mankhwala.

Ndiye Lachinayi lina Nesi anati ali pa tchuthi, abwera kudzandiona ku ntchito. Ndinasesa kawiri, ndinavala bulauzi yanga yabwino. Anafika cha m'ma thwelofu, wamfupi kuposa mmene mawu ake ankamvekera, atanyamula jumbo yaikulu. Munali pilo yapadera yoika kumsana kwa wodwala ndi botolo la mafuta opaka. Tinakumbatirana pakati pa makina ochapira, ine misozi ili mbwee.

"Iii, Simbi weniweni!" anatero. "Ndi tebulo lake lomweli?"

Wani koloko itakwana ndinamukhazika pa mpando wa makasitomala. Tsiku limenelo ndi pomwe zinaululika kuti dokotala wa banjalo ndi mwana wa mwini hotela, wobadwira kunja. Ine ndinakuwa mpaka ndinagwetsa hang'ala. Nditacheuka ndinaona kuti Nesi sakuyang'ana TV. Ankayang'ana ine, akumwetulira. Ndinangoti mwina ndi chimwemwe choonana.

Sewero litatha anandipatsa foni yake. "Tandijambulani nditagwira simbi yotchukayi, anzathu aja achite nsanje."

Anaima pa tebulo langa, simbi m'manja, dzanja lina m'chiuno. Ndili mkati molunjika, pamwamba pa foniyo panatsika uthenga. Unachokera kwa Batire, koma osati pagulu lathu. Dzina la gululo linali Popanda Simbi. Uthengawo unati: "Walira kale kapena akutenthetsa injini?"

Chala changa chinadina chokha.

Gululo linali la anthu atatu, ndipo linali litatha miyezi isanu ndi itatu. Ndinakweza m'mwamba. Batire anali atapeza magawo onse a sewerolo pa intaneti kalekale, n'kugawira anzake, ndipo onse analimaliza ine ndikadali pakati. Tsiku lililonse ndikamakuwa mu voisi kuti wakana kusaina, iwo ankadziwa kale, ankangopikisana kulosera kuti ndikuwa mawu ati. Zimenezo ndikanazimeza. Koma ndinapitiriza kukweza, mpaka ndinapeza voisi yanga ya pa siteji ija, ataitumiza kumeneko. Pansi pake Batire analemba kuti, "Gawo la lero la sewero la Simbi." Aphunzitsi anati, "Tisamaseke anthu inu, komabe mphindi naini zonse?" Kenako Nesi: "Ine ndimaithamangitsa pomvera. Bamboyo akanakhala ndi miyendo, wosiya mabasi akanakhala iyeyo." Pansi pake tinkhope toseka, mzere wathunthu.

"Mwajambula?" anafunsa Nesi. "Mkono watopa kuno."

Ndinamutembenuzira foniyo kuti aone. Anaika simbi pansi pang'onopang'ono.

"Asisi, zimenezo si mmene mukuzionera."

"Ndiye ndizione bwanji? Tandiwerengerani nokha apa. Pa miyendo pa amuna angapa."

Sanawerenge. Pomwepo panalowa bambo wina kudzatenga suti yake. Ndinapita ku kauntala, ndinafufuza nambala, ndinaipinda bwinobwino mu pulasitiki, ndinamuthokoza ndikumwetulira. Atatuluka, ndinapeza Nesi wakhala pa mpando, foni ili pa miyendo.

"Ndinalakwa," anatero. "Mawu amenewo ndi oipa, ndikuvomera. Koma mundimvereko nanenso. Ine tsiku lonse ndimakhala ndi ana odwala, ena amandifera m'manja. Gulu lija ndinkalowamo kuti ndipumeko, ndiseke za wigi. Ndiye ndikatsegula n'kupezamonso wodi ina. Tinatopa, asisi. Tinasowa pokuuzirani."

"Pakamwa munalibe? Mukanangoti Simbi, lero za hotela zokha. Ndikanamva. Ndine wosita, si wogontha."

"Tinkaopa kukupwetekani."

"Ndiye munasankha kundiseka kuti ndisapwetekeke."

Makina ochapira anafika pofinya, chipinda chonse n'kumanjenjemera.

"Munati si tchimo," ndinatero. "Munati ndine munthu. Munalemba liti zimenezo, musanaseke kapena mutaseka?"

"Zonse ziwiri zinali zoona," anayankha motsitsa. "Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Piloyi ndakugulirani ndi mtima wanga wonse."

"Nanga chithunzichi chimapita gulu liti?"

Pamenepo ndiye anayamba kulira iyeyo. Ine ayi. Ndinayatsa simbi, ndinakoka thalauza pa mulu n'kuyamba kulondola mzere. Anaimirira kwa kanthawi kumbuyo kwanga, kenako ndinamva chitseko. Jumbo ija anaisiya pa mpando.

Pofika folo koloko foni yanga inali itadzaza. Aphunzitsi analemba kalata yaitali, yandime zinayi, yopepesa, yofotokoza kuti iwo ankaletsa anzawowo nthawi zambiri. Zinali zoona pang'ono, ndinaziona ndekha, koma ankaletsa ataikapo kaye kankhope koseka. Batire sanapepese. Analemba kuti, "Komanso kuwerenga foni ya mwini n'kulakwa." Ndinamuyankha kuti wanena zoona, n'kutuluka pagulupo. Patapita mphindi zochepa ananditumizira uthenga kumbali. Unali mzere umodzi, wondiuza yemwe adzatenge hotela pamapeto, ndi yemwe adzafe. Kenako ananditsekera.

Ndinakhala pa mulu wa makatani osachapa, n'kuseka ndekha kuseka koipa. Zaka ziwiri ndi theka ndikudikira mathero amenewo.

Poweruka ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana jumbo ija. Mtima unkati ndiiponye mu bini ya kuseri. Koma kumsana kwa amuna anga kunali kutayamba kufiira pamalo awiri, ndipo pilo yotero sindikanaipeza pena. Ndinainyamula. Mu basi ndinaiika pa miyendo, ikununkhira perefyumu wa Nesi njira yonse.

Alamu anandilandira pakhomo atavala kale nsapato. "Lero adya bwino, koma akhala akukufunsani. Nanga mlendo wanu uja anabwera?"

"Anabwera."

"Ndi wabwino ngati pa foni?"

"Ndi wamfupi," ndinatero. Alamu anaseka n'kumapita.

Ndinatenthetsa madzi, ndinawapukuta amuna anga, ndinawapaka mafuta aja kumsana mmene Nesi anandiphunzitsira, mozungulira, osakanikiza. Kenako ndinawatembenuza n'kulowetsa piloyo. Anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Mawu awo amatuluka limodzilimodzi, ndipo umafunika kudikira.

"Ya... bwino. Wa... gula?"

"Wandipatsa mnzanga."

"Ne... si?"

Ankawadziwa onse. Miyezi yonseyi ndinkawamvetsera mavoisi a gululo madzulo, ndipo Batire akamalankhula ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Eya, Nesi."

Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere, lomwe likadali ndi mphamvu. "Mu... tho... koze."

Ndinawakonzera bulangeti kumapazi kuti asandione kumaso.

"Ndimuthokoza," ndinatero, n'kutenga beseni kukataya madzi.