Maliro a Woimba Banjo

"Tabweza pang'ono," anatero Mayi Tionenji, dzanja lili pakamwa.

Ndinaiyambitsanso nyimboyo pa foni. Tinali chiimire m'khitchini mwawo ku Croydon, iwo akadali mu yunifolomu ya unamwino. Banjo inalira, malipenga n'kuitsatira, kenako pakati pa phokoso la ovina panatulukira mawu a mwamuna akuimba Chichewa cha ku Ntcheu.

Nyimboyi inandipeza ku Greenwich, komwe ndimachita kafukufuku wa nyimbo zakale. Nyumba ina yosungira zinthu zakale, mumzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi ku Amereka, inkakonza chionetsero cha magulu amene ankasangalatsa anthu m'sitima zapamadzi. Pa tepi ya 1968 ogwira ntchito kumeneko anamva chilankhulo chowazunguza, n'kungolembapo kuti, "Woimba wosadziwika, wa ku Africa." Ine, amene nthawi imeneyo ndinkakonda ndagi kuposa anthu, ndinatha miyezi itatu ndikulondola mapazi ake: mudzi wotchulidwa m'nyimbomo, mndandanda wa ophunzira amene anapita kunja, chithunzi cha mnyamata wowonda m'jekete lomukulira. Greenwell Kalinde. Mwana wake, Mayi Tionenji, ndinam'peza kudzera kutchalitchi, ndipo tsikulo ndinakwera tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, ndikudzimva ngati mlenje wobwera ndi nyama.

"Ndi iwowo," anatero. "Mayi ankati bambo akamaimba ankakoka mawu ngati munthu wongodzuka kumene. Anachoka ine ndili kumsana. Makalata anasiya kubwera ndili ndi zaka zinayi." Anaseka pang'ono. "Ndiye anakwatira mzungu eti? Ndili ndi abale angati kumeneko?"

"Ayi, mayi."

Ndinatulutsa m'chikwama chikalata cha imfa ya bambo awo chomwe a ku Amerekawo ananditumizira. Kwa ine chinali umboni wotsiriza, chotsekera kafukufuku. Sindinaganizepo kuti kuli munthu amene sanauzidwe.

"Apa alemba kuti mu 1971, sitima itaima padoko…"

"Dikira."

Anayang'ana pepalalo, kenako ine.

"Iwe Yamiko, kwanu n'kuti?"

"Ku Lilongwe, mayi."

"Ku Lilongweko maliro mumanena muli chiimire, foni ili m'manja?"

Ndinaika foni ija m'thumba.

"Mayi anga anapita kumanda akudikirabe munthu wodzanena maliro a bambo," anatero motsitsa mawu. "Sanamete. Sanavale zakuda. Abale akawauza kuti akwatiwenso, ankayankha kuti maliro osanenedwa salirika. Zaka makumi asanu, mwanawe. Ine ndakalamba ndikukwiyira munthu amene anagona kalekale."

Anazimitsa ketulo n'kulowa kuchipinda. Ndinamva kabati ikutsegulidwa. Ndinaganiza zongosiya pepalalo patebulo n'kutuluka mwakachetechete, koma ndinaima pomwepo n'kuwadikira.

Pobwerera anali opanda nsapato, chitenje atamanga pamwamba pa yunifolomu, mpango kumutu. Anailambalala sofa n'kukakhala pansi, msana kukhoma, miyendo atatambasula. Panja tramu inadutsa ikuliza belu.

Nanenso ndinavula nsapato. Ndinagwada chapatali pang'ono, pepala lija n'kuliika pambali chadodolido, popeza linali m'Chingerezi.

"Tsopano nena," anatero, manja atawatsegula pamiyendo. "Usafulumire. Wachokera kutali."