Chaka Chimene Kabamba Anawerengera

Kabamba anali kalaliki mu ofesi ina ya boma mumsewu wotchedwa Cairo, munthu wokhulupirira manambala kuposa anthu. Lamulungu lililonse ankamva abusa a mpingo wawo ku Kabwata akuphunzitsa kuti tsiku lobweranso Ambuye silidziwika kwa munthu aliyense, ngakhale kwa angelo. Iye ankavomereza ndi mutu pamodzi ndi anzake, koma pansi pa matiresi ankabisa kope la chikuto chofiira momwe anaphatikiza zaka za aneneri mpaka kupeza yankho lakelake: 1984. Popeza chaka chinali cha 1976, ankadziona kuti ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokonzera mtima wake.

Chofunika kukonza chinali chimodzi. Zaka zitatu m'mbuyomo, atakangana ndi mkulu wake Sampa pa za nyumba ya malemu bambo awo, Kabamba anakanong'oneza a nthambi ya chipani kuti Sampa amanyoza boma. Sampa anatengedwa kupita kundende, ndipo anabwerako patatha chaka ndi miyezi iwiri, mwendo ndi dzanja lamanja zitafa. Nyumba yake inali mizere inayi yokha ya nyumba kuchokera pa ya Kabamba, koma Kabamba anali asanapondeko. Mkazi wake Imelda akamukumbutsa, ankangoyankha kuti nthawi ikadalipo.

Lachinayi lina, malungo atamugoneka masiku awiri, anadzuka dzuwa lili paliwombo, makutu akulira chifukwa cha mankhwala. Anaitana Imelda, koma kunali zii. Pakhomo anapeza beseni la zovala zonyowa, thovu la sopo lisanaphwe. Kwa oyandikana nawo mbaula inkafuka, ketulo itauma madzi. Mpopi wa pamzere unkangothira madzi mu ndowa yodzaza kale.

Anayenda wopanda nsapato mpaka kumsika. Tomato anali milumilu pamatebulo, ndipo nkhuku zinkajompha tinsomba ta kapenta popanda wozipirikitsa. Pakati pa njira panali nsapato imodzi ya mwana. Kenaka, kutali chakumpoto, kunalira lipenga, ndipo pambuyo pake panamveka mawu a khamu likuimba. Kabamba sanathe kudziwa ngati mawuwo ankachokera m'makutu mwake kapena kumitambo.

Poyamba anafunafuna m'mutu mwake pamene anaphonya masamu, koma posakhalitsa anazindikira kuti cholakwa sichinali nambala imodzi. Abusa ankanena zoona. Ambuye anali atabwera masana a Lachinayi, natenga anthu awo ochapa ndi ophika omwe, ndipo iye anatsala ndi tchimo lake.

Miyendo inamutengera yokha kwa Sampa. Ankayembekeza kupeza mpando wopanda munthu, pakuti ngati panali woyenera kutengedwa, anali mkulu wakeyo. Koma Sampa analipo, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, bulangete pamiyendo, maso ali kuchipata.

“Ba Sampa, na imwe bakusiyani?” anafunsa Kabamba.

Sampa sanayankhe. Kabamba anagwada m'fumbi.

“Ndine ninakamba kuli ba chipani. Imwe munalibe mulandu, ine nenze kufuna chabe nyumba. Nenze kufuna kubwela kale, koma nenze kuona monga nthawi ikalipo. Nikhululukileni, bakalamba.”

Analankhula nthawi yaitali, nkhope ili pansi, kuulula ngakhale za kope lofiira lija. Atadzutsa mutu anaona ntchentche itatera pakona ya diso la mkulu wake. Chikope sichinaphethire. Anagwira dzanja lamanzere, lija linali lamoyo, nalipeza litazizira ngati linzake.

Sanadziwe kuti anagwada pamenepo nthawi yotalika bwanji. Anangomva malole akuima kumsika, ana akulira, zitseko zikumenyeka. Chipata chinatseguka ndipo analowa Helen, mkazi wa Sampa, fumbi lili mbuu kumapazi, kambendera kapepala kali m'manja. Ataona Kabamba anaima.

“Ba mulamu, ndimwe? Mwatikumbuka lelo?” Anapukuta thukuta ndi chitenje. “Banyamata ba chipani banatikokolola tonse m'mawa, ati tikaimilile mumbali mwa musewu kulandila mulendo wa boma. Ngakhale kuzima moto sibanatilole. Ba Imelda bali kumbuyo, banawauza ati mudwala, ndiye banakusiyani.”

Kabamba anatembenukira kumpando wa mkulu wake.

“Aba ninabasiya bali bwino,” anapitiriza Helen, akuyandikira mpando. “Masiku yonse ni pamene apa. Ati nikhazike poyang'ana kugeti, kapena mung'ono wanga azabwela. Mwakambilana?”

Anaika kambendera pansi, nagwira mwamuna wake paphewa mofatsa, namuitana pa dzina la mwana wawo.

“Bashi Tryness, onani. Mubale wanu wabwela.”