Mtsuko wa a Rahila

Njira yochokera ku minda ya mpunga ya ku Bua imadutsa kuseri kwa nyumba ya a Usman, pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo mkazi wawo, a Rahila, ankaikapo mtsuko wa madzi ndi kapu yachitsulo yomangirira chingwe. Aliyense wodutsa ankamwa: alimi, asodzi, amayi ogulitsa usipa, ngakhale oledzera. A Rahila sankafuna zambiri. Akapemphera swala ya m'mawa n'kudzaza mtsukowo, ankakhala pakhonde ndi tiyi ndi chinangwa chootcha, n'kumamvetsera kapu ikugunda pakamwa pa mtsuko.

"Mwamva? Wina wamwa," ankatero akuseka, ngati ludzu lathalo linali lawo.

Atadwala n'kugona, mtsuko unauma. A Usman anali asanapondeko kumjigo chibadwire. Mwamuna wa ndevu zoyera akaime pamzere ndi amayi, ndowa ili m'manja? Madzi a m'nyumba ankabweretsa a Esitere, oyandikana nawo, ndipo ankangokwana kuphikira ndi kusambitsa wodwala. Kupempha ena owonjezera kunawalemera pakamwa a Usman. Tsiku lina anangounyamula mtsukowo n'kukauvundikira kuseri kwa khola la mbuzi.

"Bambo, mumtsuko muja mwathiramo?" ankafunsa a Rahila ali pamphasa.

"Ee."

"Nanga kapu sindikuimva bwanji?"

"Anthu alibe ludzu."

Umenewo unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuotcha mapazi.

A Rahila sanafunsenso. Kaya anakhulupirira, kaya anangowamvera chisoni amuna awo, a Usman sanadziwe, ndipo mayiwo anapita nalo yankho kumanda.

Pa tsiku la sadaka, shehe anauza anthu kuti munthu akafa ntchito zake zimatha, koma chabwino chimene anasiya chikuthandizabe amoyo chimamutsatira komwe wagona. "Monga mtsuko wa mayiwa," anatero. "Aliyense womwapo akuwatumizira mphotho." Anthu anavomereza. Mwina shehe anali asanadutse njira ija posachedwa. A Usman anangoyang'ana zala zakuphazi, ndipo mpunga umene anawapatsa unazizirira m'mbale.

Kutacha anatenga ndowa.

Kumjigo macheza anaduka amayi atawaona. Woyamba kutsegula pakamwa anali Asha, wogulitsa mandasi, amene sasunga mawu.

"A Usman, mwasochera? Kumzikiti n'uko!"

A Usman anatula ndowa pansi, Asha n'kupitiriza.

"Kapena mwabwera kudzasankha wina? Sadaka yangotha dzulo, bambo!"

Amayi anaseka mpaka wina kugwira m'mimba.

"Iwe Asha, pakamwa apo," anatero a Esitere. "Bweretsani ndowayo, bambo, ndikutungireni."

"Ayi."

"Ndiye pitani kutsogolo, ndinu akulu."

"Ayi."

Anaima kumapeto kwa mzere, dzuwa likuwawomba pankhongo, mpaka nthawi yawo inakwana. Anapopa okha. Atanyamula ndowa pamanja, madzi anakhavukira pa mkanjo ndi m'nsapato. Asha uja anasiya kuseka. Anavula kansalu kake ka paphewa, n'kukapinda nkhata.

"Mukafika ndi ndowa yokha mukatero. Vulani chisoticho."

A Usman anayang'ana nkhatayo kwa kanthawi. Kenako anavula chisoti n'kuchiika m'thumba, nawerama. Asha ndi a Esitere anawasenzetsa. A Usman anadutsa pamaso pa amuna amene ankasoka ukonde pamthunzi, khosi lili gwa, madzi akutsikira m'ndevu. Wina anaimba mluzu. Iwo sanacheuke.

Mumtsuko anapezamo akangaude. Anautsuka, anaubwezera pa miyala yake pansi pa mango, anathiramo madzi. Dothi louma la mtsukowo linayamba lamwa lokha, likulira pang'onopang'ono. Anamangiriranso kapu, n'kukakhala pakhonde.

Dzuwa litafika pamutu, munthu wina wokankha njinga ya matumba a mpunga anaima pamtengopo. Kapu inagunda pakamwa pa mtsuko, kenako inagundanso.

"Zikomo, amayi!" anakuwa munthuyo osaona amene ali pakhonde. "Timati mwatitaya! Tavutika ndi ludzu chaka chino!"

Njinga inapita. Mawu aja anawatsalira a Usman pachifuwa ngati mwala, chifukwa miyezi ya ludzuyo panalibe woibweza.

Atakasuzumira mumtsuko anapeza madzi atsika kale. Nkhata ya Asha inali ikadali pakhonde. Anaitola, natenganso ndowa.