Utsi Wapita Kuti?

Kalebe Shaba adasonkha moto wa ng'anjo youmitsira matabwa kwa zaka makumi awiri, pa fakitale ina kunja kwa tauni ya Mzimba. Nzeru zake zinali m'mwamba. Akaponya utuchi pamoto ankatuluka panja n'kuyang'ana chumuni: utsi wakuda, ndiye kuti utuchi ngwonyowa; utsi wotuwa, zonse zili bwino. Koma zilembo ayi ndithu, bamboyu ngakhale dzina lake sankalizindikira papepala, ndipo chinsinsichi ankachisunga ngati dzira.

Ndiye kudabwera Modester, injiniya wa ku Lilongwe, ndi chimakina chosefa utsi, chachitali kuposa nyumba. Ntchito sidaime. Macheka ankalira, anthu a Modester akuwotcherera mapaipi, Kalebe akusuzumira paliponse ngati nkhuku yachilendo. Bwana Jere, woyang'anira fakitale, adanena poyera kuti moto tsopano uziwerengedwa pa sikirini, ndipo wolephera apite kwawo akalime fodya. Lolemba masana adzayesa aliyense.

Lolembalo m'mawa adayatsa makinawo. Kalebe adaponya utuchi, n'kuthamangira panja monga mwa masiku onse. Chumuni chili zii. Mantha adamugwira, inde, komabe chidwi chidaposa mantha.

"Ndapota amama," adatero kwa Modester, "moto ukuyaka, nanga utsi wanga mwaupititsa kuti?"

Modester adaseka. "Sitinaube, bambo Shaba. Bwerani muone."

Adamutengera kuseri, natsegula kachitseko kachitsulo kunsi kwa makinawo. Fumbi linkagwera mu diramu pang'onopang'ono.

"M'katimu muli matumba ansalu. Mpweya umadutsa, fumbi limatsala. Utsi wanu ndi umenewu."

Kalebe adagwada. Kani utsi n'chinthu choti munthu n'kuchigwira! Adatapako pang'ono, kufikisa ndi zala, kununkhiza, mwinanso akadalawa pakadapanda maso a mayiyo.

"Ukumata chomene," adatero. "Anyamata andibweretsera utuchi wa paini wocheka dzana. Mbwenu moto ugwa posachedwa."

Modester adapita kukayang'ana sikirini. Manambala anali phee. Adadikira, manja m'chiuno, ndipo mosakhalitsa kutentha kudayamba kutsika.

"Mwaonera pati? Munawerenga kale apa?"

Kalebe adapukuta zala pa ovolosi yake. Akadatha kunama, mpata unalipo, koma sabata yonse yosadya bwino idamutopetsa.

"Amama, ine kuwerenga sinditha. Masana ano ndikupita kwathu ku Euthini."

Mayiyo adangomuthandiza kusankha utuchi wouma, moto n'kudzukanso.

Masana Bwana Jere adafika ndi kope lake. Adayesa Chester, wosonkha moto mnzake wa Kalebe, ndipo Chesteryo adakhoza. Kenaka adaloza sikirini.

"A Shaba, tiuzeni moto uli bwanji."

Kalebe adayang'ana timizere tofiira ta pa sikirinipo. Adavula chipewa kuti anene zoona kachiwiri.

"Awa ndawayesa kale m'mawa," adatero Modester. "Anadziwa kuti moto ukugwa sikirini isanadziwe. Sawerenga manambala, bwana, amawerenga fumbi. Manambala khumi okhawo ndiwaphunzitsa ndisanachoke Lachisanu."

Bwana Jere adayang'ana zala zakuda za Kalebe nthawi yaitali, cholembera chili m'mwamba.

"Lachisanu ndibweranso," adatero, natseka kope.

Kalebe adabweza chipewa kumutu. Adatola khala lozima pansi n'kulipereka kwa Modester.

"Yewo amama. Yambani ndi wani, mulembe pakhoma apa, wamkulu."