Kachipangizo ka Pakhonde

Nkhuku za m'khola lakumapeto zinafa masana fani itaima, ndipo foni ya mwini makola sinalire n'kamodzi komwe. Wamagetsi, yemwe anali mlamu wake, anafika mitembo ili mbwee pakhomo.

Iyeyu ndiye anapachika tizipangizo toyeza kutentha m'makola onse. Tina anatipatsa ntchito yogona: kudzuka pang'ono, kunena mmene kwatenthera, n'kugonanso kuti batire lisathe. Tina tinali tosagona, tolandira uthenga kwa tinzake n'kumapatsirana mpaka ukafike pa foni.

"Alamu, paja munati tizipangizo tanuti timauzana," anatero mwini makola akukoka thumba la nkhuku zakufa. "Lero tayambana?"

Wamagetsi anakwera makwerero pakhonde la pakati pa makolawo n'kutsegula kachipangizo ka pamenepo. Masiku apitawo mlamu wakeyo anadandaula kuti kameneka kakudya mabatire ngati nkhumba, ndipo iye, pofuna kumukondweretsa, anakasandutsa kogona. Sanaganize kuti uthenga wa khola lakumapeto ulibe njira ina yodzera. Ka kumeneko kanakuwa masana onse, koma mnzake woti apatsire anali m'tulo.

"Kafa?" anafunsa mwini makola ali pansi.

"Ayi, alamu, n'kamoyo. Batire lake n'lodzadza."

Pang'onopang'ono anakabwezera pa ntchito yake yakale. Asanatsike n'komwe, foni inalira m'thumba la mwini makola. Anapukuta manja pa buluku, naitulutsa. Inkamuchenjeza kuti m'khola lakumapeto mwatentha kwambiri.