Dzina la Gibson pa Poti 8080

Ndinayesa katatu kudzutsa seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala, ndipo katatu konse inakana ndi mawu omwewo: poti 8080 ili kale ndi mwini wake. Linali Lachiwiri, pa 9 Epulo 2024, nthawi ili 10:40 m'mawa, pa kachipatala ka mpingo kumtunda kwa msika wa Nkhata Bay. Pa benchi panja panali odwala khumi ndi anayi ochokera ku Usisya. Boti lawo linkanyamuka 12 koloko, ndipo popanda seva sitikanadziwa mankhwala a aliyense ndi mlingo wake.

Poti ndi khomo limene makompyuta ena amagogodapo, ndipo silikhala ndi alonda awiri. Pulogalamu yaikulu inali itagwa, koma kachidutswa kake kanatsala kamoyo, katagwira khomolo. Ndinafunsa makina kuti ndi ka yani. Anandipatsa mzere umodzi: gibson, 27 Febuluwale, LISTEN.

Gibson ndi amene ndinalowa m'malo mwake. Tsiku la 27 Febuluwalelo linali lake lomaliza pa ntchito. Anamwalira pa 2 Malichi. Akazi ake, Ama Lucia, ndiwo ankapereka mankhwala. Anali ataima kumbuyo kwanga, duku lakuda lili kumutu.

"A Percy, dzina la amuna anga likutani pamenepo?"

"Ndi ntchito imene anaisiya ikuyenda, ama."

"Nanga mawu achizunguwo?"

"Akuti ikumvetsera."

"Masabata asanu ndi limodzi akumvetsera," anatero chapansipansi. "Ndiye mutani?"

"Ndiipha."

Ife a makompyuta timatero tsiku lililonse. Kulemera kwa mawuwo ndinakumva atatuluka kale.

"Munthu kumupha kawiri? Ife ngakhale malaya ake sitinagawe!"

Ndinawauza zoona. Njira ina inalipo, yosamutsira seva pa poti ina, koma ndikanayenera kusintha makompyuta asanu ndi imodzi, imodziimodzi, ndipo boti likanapita. Panja mayi wina anatsokomola nthawi yaitali.

"Sunthani," anatero Ama Lucia. "Mlendo sakhudza za malemu. Ndiuzeni cholemba."

Anakhala pampando. Ndi chala chimodzi analemba zilembo zinayi zimene ndinawatchulira, k, i, l, l, kenako nambala ya kachidutswako, 2317. Chalacho chinaima m'malere kwa kanthawi, kenako chinadina batani.

Pa sikirini panatuluka mawu amodzi: Pawemi. M'Chitonga ndi mmene anthu amatsanzikirana. Sabata yotsatira ndinafufuza mafayilo onse 214 a pulogalamuyo, ndipo mawuwo sindinawapezemo.

Seva inadzuka nthawi ya 11:06.

"Pawemi, ada," Ama Lucia anaiyankha sikiriniyo, monga ankaitanira amuna awo. Anapukuta chala chija pa chitenje mosafulumira, natsegula zenera la mankhwala, n'kuitana dzina loyamba.